Mutu wa Chanaze

Madzi a pamjigo wathu ndi amchere.
Sopo amangoterera, thovu osatuluka,
ndipo tsitsi likauma limachita gwa ngati khonje.
Choncho Loweruka madzulo ndimapalasa njinga
kukatunga kumpopi wa kukampani,
zigubu ziwiri: china chakumwa,
china cha mutu wa Chanaze.

Amake ali ku Gulupu, mwezi wachitatu uno.
Pokwera minibasi pa Nchalo anandigwira dzanja:
"Zina zonse mulephere, koma mwanayu musamumete."
Ndinavomera msanga,
osadziwa kuti ndalonjeza chiyani.

Manja angawa anazolowera chikwanje.
Amadziwa pamene nzimbe imagonjera,
matuza ake anauma kalekale.
Koma apa pali munda wina
umene sufuna wodula.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi
timakhala pansi pa nimu, iye pakati pa maondo anga.
Ndimayamba n'kumasula ulusi wa sabata yatha.
M'menemo mumatuluka zonse:
phulusa la nzimbe zootcha, lija limagwa ngati mvula yakuda,
mchenga wa kumasanje,
tsiku lina ngakhale kanjere ka mapira.

Ndimagawa mutu panayi, monga anandiuzira pafoni.
"Musapese louma. Mwamva? Louma ayi."
Ndiye ndimanyowetsa, n'kupaka sopo
ndi nsonga za zala, zikhadabo ayi,
iye atatseka maso ndi kansanza,
akufunsa ngati tatha, tisanayambe n'komwe.

Denje ndimaviika m'mamawa.
Madzi ake onanda aja
ndiwo amanyengerera mfundo.
Kuyambira kunsonga, kutsikira kumizu pang'onopang'ono,
zala patsogolo, chipeso pambuyo.
Tsiku loyamba ndinayambira kumizu.
Analira mpaka Mayi Fombe anasuzumira pampanda:
"Achimwene, lezala si yodula,
mukuzunziranji mwana?"
Sindinayankhe. Mano awiri a chipeso anali pansi.

Lero sakulira. Akuwerenga mbuzi za eni.

Tikatsukuluza, tsitsi limabwerera m'kati,
limapotana, limafupika ngati lachita manyazi.
Ukalikoka limafika paphewa,
ukalisiya, ulendo wa kwawo.
Poyamba ndinkayesa kuti silikukula.

Mafuta a nsatsi, madontho atatu pachikhatho.
Dzuwa la kuno silichedwa kumwa chinyezi,
tsono ndimapaka likadali lonyowa,
pankhongo, kuseri kwa makutu,
paliwombo pamene amake ankapsompsona.

Kuluka kunandikanika.
Mizere yanga imakhota ngati Shire pa Chiromo.
Koma kumanga ndi ulusi ndimatha:
kugwira kachigawo, kuzunguliza, kuzunguliza,
osakoka pamphumi,
mfundo kunsonga, n'kudula ndi mano.
Tinyanga khumi ndi tiwiri.
Kena kakuloza kumapiri a Thyolo, kena ku Mozambiki,
kena sikakudziwa kumene kakupita.

Amadziyang'ana pakagalasi kosweka.
"Amama sakhotetsa chonchi."
"Ndikudziwa."
"Koma sizikuwawa."

Chaka chamawa ayamba sitandade wani,
ndipo aphunzitsi adzati limetedwe, monga ana onse.
Zimenezo sindinamuuze.
Ndi amake sitinazikambe;
pafoni timasankha zokamba.
Ndimangojambula, kumaso ndi kumbuyo,
n'kukaima pachulu pamene netiweki imagwira.

Yankho limafika usiku, udzudzu utayamba kale:
"Kumanzere mwamanga kwambiri. Masulani pang'ono.
Mumuveke duku pogona."
Za iwo eni, za mankhwala, za zimene adokotala anena,
palibe liwu.

Ndimadzuka, tochi pakamwa,
n'kulowetsa manja m'neti.
Thukuta lili pakhosi pake, kutentha sikunagone.
Ndimamasula kanyanga kamodzi
iye osatembenuka,
n'kukamanganso mofewa, monga wophunzira
amene wabwezedwa kope.

Zala zanga zikununkha nsatsi.
Mawa m'bandakucha, mumzere wa odula,
chikwanje chidzanditerera m'manja,
ndipo Alufandika adzaseka, adzafunsa
kuti ndadzola chiyani.